Madzi a Gogo Setsuko

West Bromwich
8 Febuluwale 2004

Okondedwa Bambo a Favour,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi mwana wathu, ndi amayi kumudzi. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwake si masewera. Munkandiseka ndikavala juzi mu Juni ku Mponela kuja. Bwerani mudzaone nokha, mudzafunda bulangeti popita kuchimbudzi.

Ntchito ndayamba, koma musayambe kunyada pa bawo kuti mkazi wanu ndi nesi wa ku Mangalande. Zaka zonse ndinagwira kuchipatala cha boma zija, kuno akuti sizikwana. Ndiyambe ndaphunzira kachitidwe kawo miyezi isanu ndi umodzi pa nyumba yosungira okalamba, amati adapteshoni. Ikatha, manijala wathu, mayi wina dzina lake Fiona, asaine kuti ndakhoza, ndiye andipatse PIN, nambala ya unesi ya kuno. PIN ikatuluka ndipeza ntchito ya malipiro enieni, ndipo pamenepo m'pamene mapepala anu ndi a Favour angayende. Popanda siginecha ya Fiona palibe kubwera. Ndiye mayi ameneyu ndikumusekerera ngakhale pamene palibe choseketsa.

Ndikugona kwa Mildred, nesi wa ku Zomba amene ndinadziwana naye kutchalitchi. Kachipinda kake ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri, koma rendi mapaundi 45 pa sabata. Musawerengere m'makwacha, mungadwale mutu. Ndatumiza kangachepe kudzera kwa achimwene ake a Mildred, mukatenge ku Lilongwe. Favour mumugulire nsapato zotseka, osati zapulasitiki zija, zotsalazo mupatse amayi za mankhwala a miyendo. Ndipo uphunzitsi wanu musausiye mpaka ine nditanena. Ndimakudziwani inu, mukangomva fungo la ndege muyamba kutsanzika sukulu yonse.

Kuntchito kuli agogo ena a ku Japan, dzina lawo a Setsuko, koma kuno amati Mrs Rapson chifukwa anakwatiwa ndi mzungu wa ku Tipton nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Akhala kuno zaka zoposa makumi asanu, ndipo akuti Chingerezi ankachithyola ngati eniake. Koma matenda oiwala achotsa Chingerezi chonse, kwatsala Chijapani chokhachokha, ndipo palibe amene amawamva. Tsiku losamba ndi nkhondo. Timawakhazika pa mpando wamakina, makinawo n'kuwatsitsira m'bafa mmene tathira kale sopo wathovu. Akangokhudza madziwo, mayo ine! Kukuwa, kumenya, kukanda. Agogo ochepa thupi ngati mwana wa Sitandade 5, koma anthu awiri timatuluka thukuta. Pamkono panga pali mizere itatu ya zikhadabo. Anzanga onse amawathawa, ndiye mwadziwa kale amene wapatsidwa, ndi ine mlendo.

Musadandaule, sindinabwere kuno kudzagonja ndi zikhadabo. Ogasiti akamatha ndikufuna inu ndi mwana wanga mukhale muli kuno. Ndinamusiya ali ndi zaka zitatu, zinayi adzakwanitsire m'manja mwanga.

Wanu,
Dinnah


West Bromwich
14 Malichi 2004

Bambo a Favour,

Moni kwa nonse. Ndamva za malungo anu. Mumalize mankhwala onse, osati kusiyira pakati ngati mwa masiku onse. Ine ndili bwino, chimfine chokha.

Favour pa foni paja anandiimbira kanyimbo ka kunazale, ine kumangolira m'bokosi la foni anthu akudutsa. Khadi ya mapaundi asanu inatha nyimbo isanathe. Akuba anthu amakhadiwa.

Tamverani za agogo anga aja. Tsiku lina ndikuwasambitsa m'manja pa sinki ndinatsegula mpopi pang'ono, madzi n'kumatsika kamzere. Iwo anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Choro-choro." Ndinatsegula kwambiri. Iwo, "Jaa-jaa!" Nditatseka kunatsala kudontha, iwo n'kukweza chala, "Pota. Pota. Pota." Ine ndinati, "Agogo, kwathu timati tho, tho, tho." Anandiyang'ana ngati aona mbuzi ikulankhula, kenako anaseka. Chibwerereni kuno ndinali ndisanawaonepo akuseka.

Kuyambira tsiku limenelo ndimawabweretsera beseni la madzi pa tebulo. Ndikamenya madzi ndi chikhatho chonse, iwo amati "basha-basha," ine "phava-phava." Ndikaponyamo sopo, iwo "pochan," ine "chubwi." Koma pa nkhani ya madzi anthu awa anatiposa, tisanamizane. Kumenya ndi nsonga za zala pa madzi ochepa ndi "picha-picha." Kusewera nawo pang'onopang'ono ndi dzanja ndi "pocha-pocha." Madzi akamagwedezeka okha n'kumanyambita m'mphepete mwa beseni, amenewo ndi "chapu-chapu." Ndikasokoneza amandimenya pa dzanja n'kubwereza mpaka ndikhoze. Ndi inu aphunzitsi mukanagwirizana.

Ali ndi mwana mmodzi, a Nathan, bambo wa imvi kale, woyendetsa basi. Amabwera Lamulungu lililonse n'kukhala pambali pa bedi, mayi awo akulankhula Chijapani, iwo kumangoti, "Yes, Mum." Sadziwa liwu ndi limodzi lomwe. Akuti mayi awo sanafune kuwaphunzitsa chifukwa anzawo ankawanyoza kusukulu. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, munthu kukhala ndi mayi ako pompo koma ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Ana a Mildred nawonso ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji amati "fine." Zimenezo tidzakambirana mukabwera.

Kubafa nkhondo ikadalipo. Adokotala anena kuti agogo akapitiriza kukanda anthu awapatsa mankhwala ogonetsa n'kuwasamutsira kuchipinda chapamwamba, kumene zitseko zimakhala zokhoma. Ine zikundisowetsa mtendere. Munthu amene amakonda madzi chonchi pa beseni, n'chifukwa chiyani amadana nawo m'bafa? Fiona wandiuza kuti ndimachedwa pa ntchito, ndimacheza kwambiri ndi odwala. Ndinati "sorry" ndikumwetulira. Mumtima ndinayankha zina.

Denga la khitchini likonzedwe mvula isanagwetse khoma. Musaitanenso amisiri aja a Dyson, anatidyera kokwana.

Wanu,
Dinnah


West Bromwich
25 Epulo 2004

Bambo a Favour,

Moni, moni, moni. Ndili bwino zedi, ndipo ndikhulupirira inunso mwachira.

Ndagwira! Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu sananame. Tsiku lina kubafa, tisanawakweze pa makina, agogo anagwira botolo la sopo n'kuliponya kunja kwa bafa. Kenako anakakamira kukhala pa kampando kamene timaikapo zovala, n'kumaloza jagi, n'kumadziloza pamsana. "Jaa, jaa." Ndinaima kaye. Bambo a Favour, kodi si mmene timasambira kwathu? Agogowa sakana madzi ayi. Akukana kuviikidwa ndi litsiro lawo m'madzi a sopo. Kwawo munthu amasamba kunja kwa bafa, kudzipaka sopo, kutsukuluza mpaka kuyera, kenako n'kulowa m'madzi oyera kukangopuma. Ife tinkawatenga ngati mbale zakuda zoviika m'sinki. Inenso ndikanakanda munthu.

Ndinakagula ndowa, jagi ndi kampando kapulasitiki pa shopu ya paundi imodzi pa High Street, ndalama zanga. Tsopano ndimawakhazika pa kampandoko, kuwapaka sopo, kuwathira madzi pamsana, iwo "basha-basha," ine "phava-phava," mpaka sopo yense atatha. Kenako makina amawatsitsira m'bafa loyera mpaka madzi m'khosi. Amatseka maso n'kuti, "Zabuun." Ine ndimati, "Khuvuu, agogo." Ndiye amagwedeza mawondo pang'onopang'ono, "chapu-chapu, chapu-chapu," n'kuyamba kuimba. Alibe mawu abwino, koma amaimba.

Chovuta chinali chimodzi. Mipopi ya kuno anaiika chipangizo choti madzi asatenthe kwambiri, ndiye amatuluka ongofunda ngati tiyi woiwalidwa. Agogo ankaika dzanja n'kukwinya nkhope. Aaa, ine nkhani yaing'ono imeneyo. Ndimatereka ketulo kukhitchini, kuthira m'bafa, kuvundula, kuyesa ndi chigongono monga ndinkachitira ndi madzi a Favour. Chiyambireni sanakande munthu. Anzanga akundifunsa kuti ndawadyetsa chiyani. Mmodzi akuti ndili ndi mankhwala a ku Afirika. Ndinamuuza kuti inde, mankhwala ake ndi ndowa.

Miyezi itatu yatha, yatsala itatu. Mupite ku Lilongwe mukayambe za mapasipoti, anu ndi a mwana. Pachithunzi Favour asavale chipewa, a ku ofesi ya mapasipoti amakana. Inunso mumete.

Koma chinthu chimodzi chandiwawa. Lamulungu lija munati Favour ali kosewera n'chifukwa chake sanabwere pa foni. Ine ndinamumva akulankhula pafupi nanu. Musamandinamize. Mchemwali wanu Sophie ndikumuthokoza kuti akumusamala, koma chithunzi changa chija chikhale pamene mwana angachifikire, osati pamwamba pa kabati.

Wanu,
Dinnah


West Bromwich
16 Meyi 2004

Bambo a Favour,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino m'thupi.

Mwezi uno ndalama zichepa. Za malata ziyambe zaima. Andipatsa masiku opuma kuntchito, sindikudziwa kuti angati, ndiye nambala ya kuntchito ija musaimbe. Mukafuna ine muimbe kwa Mildred madzulo.

Za mapasipoti pitirizani, sizivunda. Koma njinga musagulitse, ndipo ahedi musawauze kalikonse. Amayi musawauze kuti ndili pakhomo, BP ingakwere chabe.

Kuno dzuwa layamba kuoneka, maluwa ali mbwee m'misewu. Dzulo ndinakwera kasitima ka m'tauni kotchedwa Metro mpaka ku Birmingham n'kubwerera osatsika. Ndinalibe kopita.

Mundipempherere. Ndidzakufotokozerani.

Dinnah


West Bromwich
6 Juni 2004

Bambo a Favour,

Moni. Ndili bwino. Kalata yanu ndalandira, ndi ukali wake womwe. Ndiye achimwene a Mildred akuuzani kale. Pakamwa pa munthu ameneyo palibe chitseko. Chabwino, imvani kwa mwini wake.

Sindinabe, sindinamenye munthu, ndipo palibe amene anapsa. Mnzanga wa ntchito, Tiffany, mtsikana wa konkuno, anakumana nane m'khonde nditanyamula ketulo ikutuluka nthunzi. Sanandifunse kanthu, anathamangira kwa Fiona. Fiona anatipeza agogo ali m'madzi mpaka m'khosi, akuimba. Anaviika choyezera kutentha m'bafamo, nkhope yake n'kusintha. Tsiku lomwelo anandiimitsa ntchito.

Ndinakwiya, ndinatukwana mumtima m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Koma asanandithamangitse Fiona anandionetsa zithunzi za miyendo ya okalamba amene anapsa ndi madzi a m'bafa kumalo ena. Sindidzaziiwala. Lamulo lawo si lopusa ayi. Khungu la nkhalamba n'lopyapyala, ndipo munthu woiwala sangakuuze kuti akupsa. Ndine nesi, ndinayenera kufunsa. Koma kwathu ndani anapemphapo chilolezo kuti afunditse madzi osamba? Dzanja linangochita zimene linazolowera.

Msonkhano wondiweruza uliko sabata ya mawa. A Godwin, a ku ejensi imene inandibweretsa kuno, munthu wa ku Chipata, anabwera kudzandilangiza. Akuti, "Sisi, nkhani iyi ndi yosavuta. Mukanene kuti munachita kamodzi kokha, munasokonezeka, sorry. Za ndowa zanuzo osatchula. Akuwonjezerani miyezi iwiri, basi, n'kusaina. Muli ndi mwana inu." Sananame, ndili ndi mwana.

Koma dzana a Nathan, mwana wa agogo uja, anandiimbira foni kuno. Akuti nditangochoka anzanga anabwerera ku kasambitsidwe kakale, agogo anakanda munthu m'diso, ndipo awasamutsira pamwamba paja. Akungogona, dovu likutuluka, chakudya akukana. Anandifunsa kuti, "Kodi inu munkawachita chiyani mayi anga kuti akhale osangalala?"

Mwaona pamene ndili? Ndikanena za ndowa kuti andikhulupirire, ndiyenera kunena kuti ndawasambitsa choncho masabata ambiri osakandidwa. Ndikatero ndavomera kuti ketulo nayonso ndi ya masabata ambiri. Ndikakhala chete, inu ndi Favour mubwera chaka chino chisanathe, agogo n'kutsala pamwamba paja.

Musavutike kundiuza chochita, kalata yanu idzafika msonkhano utatha kale. Ndipo zoti ndinapita ku Ulaya kukasewera ndi madzi, mawu amenewo mubweze. Andipweteka.

Dinnah


West Bromwich
11 Julayi 2004

Okondedwa Bambo a Favour,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndili bwino. Ndachedwa kulemba chifukwa ndimasowa poyambira. Khalani pansi kaye.

Ndinalowa mu msonkhano muja nditatsimikiza kutsata malangizo a Godwin. Zoona, Mulungu ndi mboni, mawu ndinali nditaloweza pa basi. Munali Fiona, bwana wina wa kampani, a Godwin, ndi a Nathan amene anapempha kuti akhalepo. Fiona anandifunsa kuti, "Dinnah, ketulo unaigwiritsa ntchito kangati?"

Ndinayang'ana a Godwin, iwo n'kundikwezera chala chimodzi pansi pa tebulo. Ndinayang'ana a Nathan, atavala yunifolomu ya basi, manja ali pa mawondo ngati mwana wodikira jakisoni. Pakamwa panga panatuluka kuti, "Nthawi iliyonse ndawasambitsa, kuyambira mu Epulo."

A Godwin anagwira kumutu. Ine ndinati poti ndanyowa kale, ndingosamba. Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, za kampando, za jagi, za kutsukuluza sopo munthu asanalowe m'bafa. Ndinawauza kuti agogo salankhula zopanda pake, amanena za madzi, ndipo ukawayankha amadziwa kuti pali munthu. Jagi ikamathira ndi "jaa-jaa," pamsana ndi "basha-basha," akakhazikika m'bafa ndi "chapu-chapu."

Nditangonena liwu limenelo a Nathan anabisa nkhope m'manja. Kenako anati, "Ankandisambitsa choncho kukhitchini ku Tipton, pa kampando, asanandilowetse m'bafa la malata. Chapu-chapu. Ine ndinkayesa mawuwo ndi a ife awiri basi. Sindinkadziwa kuti ndi Chijapani." Bambo wa imvi kulira pamaso pa anthu, Bambo a Favour. Nanenso ndinalira, Fiona n'kumayang'ana kudenga.

Chigamulo chake ndi ichi. Fiona anati, "Ndowa yako ndiilemba m'ndondomeko yosamalira Mrs Rapson, ndipo ndipempha adokotala achepetse mankhwala. Ketulo ayi, tiika chotenthetsa mpweya kubafa. Koma dzina langa sindingaliike pa pepala lako. Kamodzi ndi ngozi. Masabata onsewa osafunsa munthu, sindingathe." Sindimuda mayi uja. Akananditukwana bwenzi zili bwino, koma analankhula mwaulemu.

Ndiye malo aja ndachotsedwa. A Godwin, atatha kundikalipira njira yonse mpaka pa siteji, andipezera nyumba ina ya okalamba ku Stoke-on-Trent. Malo atseguka mu Seputembala, ndipo ndikayambiranso pachiyambi, miyezi isanu ndi umodzi ina. Panopa ndikulongedza mabisiketi m'mabokosi pa fakitale ina kuti ndipeze rendi.

Anandilola kubwerera kwa agogo kuja kamodzi kuti ndionetse Fiona ndi Tiffany kasambitsidwe kake. Agogo anali ofooka, mutu uli pendekete, ndipo sanandizindikire. Jagi yoyamba, chete. Yachiwiri, chete. Ndinati pansipansi, "Phava-phava, agogo." Patapita nthawi ndinamva kamawu, "Basha." Ndowa ndi kampando ndinazisiya komweko.

Ndikudziwa chimene ndachita. Ndachotsa chaka pa moyo wa mwana wathu ndi mayi ake chifukwa cha mayi a munthu wina. Mukwiye, muli ndi ufulu. Inenso tsiku lina ndimadzida, tsiku lina ayi. Koma kubwerera kumudzi monga mukunenera, zimenezo iwalani. Walira mvula walira matope. PIN imeneyi ndiitenga, ngakhale ndikwawe.

Tsiku lobadwa la Favour mumugulire keke yeniyeni ku Lilongwe, osati mabanzi. Mumuuze kuti yachokera kwa amayi ake.

Wanu mpaka kale,
Dinnah


Stoke-on-Trent
22 Meyi 2005

Okondedwa Bambo a Favour,

Moni kwa inu, kwa mwana, kwa amayi ndi kwa Sophie. Ine ndili bwino, ndanenepako pang'ono, musadzadabwe.

Tsopano kalata yosiya ntchito ija mukhoza kuipereka kwa ahedi. Tsanzikani sukulu yonse, ndi mbuzi za pa bwalo zomwe. PIN ili m'manja, ntchito kuchipatala chachikulu cha kuno ndayamba, ndipo mwaona nokha kuti ma viza atuluka. Matikiti ndalipira, mukatenge ku ofesi ija ya ku City Centre ku Lilongwe. Mudzasintha ndege ku Nairobi. Musadzagone pa mpando, ndege sidikira mphunzitsi.

Nyumba ndapeza, ya zipinda ziwiri, yogundizana ndi za anthu ena mumzere. Ndi yakale, masitepe amalira, koma rendi ndi yabwino kuposa ku Birmingham. Chipinda cha Favour ndapaka penti wachikasu ndekha. Musanyamule mapoto kapena mabulangeti, kuno ziliko. Nyamulani satifiketi zanu zonse, khadi ya sikelo ya mwana, usipa wouma womanga bwino, ndi zitenje zanga ziwiri zili m'sutikesi ya pansi pa bedi. Njinga mupatse Sophie, wagwira ntchito yaikulu.

A Nathan anandiimbira. Agogo Setsuko anamwalira mu Febuluwale, m'chipinda chawo chakale chapansi. Akuti miyezi yomalizayi ankabwera Lamulungu lililonse ndi beseni, kuwasambitsa mayi awo m'manja ndi kumapazi, akuyankhana za madzi. Kumaliro sindinapite, ndinali pa shifiti, ndipo panthawiyo sindikanayerekeza kupempha tsiku.

Tsopano za m'kalata yanu. Mwachita bwino kundiuza zoona ulendo uno. Ndinkadziwa kale, chifukwa kuyambira Khirisimasi foni ikalira Favour amathawa. Koma kuwerenga ndi maso anga kuti Sophie ndi amene akumutcha amayi, ndiponso kuti akulira usiku kuti safuna kupita kwa mayi a mu foni, ndinakhala pa masitepe mpaka tiyi anazizira. Zandipweteka kuposa chilichonse chimene ndakumana nacho kuno. Sindikuimba mlandu Sophie, kapena inu. Mwana sanalakwe. Amene anachoka ndine, ndipo amene anawonjezera chaka ndinenso.

Ndiye mverani malangizo anga omaliza, ndipo awa musawasinthe. Musamukalipire. Musamuphunzitse mawu oti adzanene pa bwalo la ndege, ndipo musamukankhire kwa ine. Akabisala kumbuyo kwa miyendo yanu, musiyeni abisale. Ine sindidzamuthamangira kapena kumunyamula mokakamiza, ngakhale manja adzandiyabwe. Ndidzanyamula chikwama, tidzakwera basi, tidzafika kunyumba. Madzulo ndidzamutengera madzi, n'kukhala pansi pambali pake, n'kudikira. Kaya zitenga sabata, kaya chaka, ndilipo.

Musandidere nkhawa. Chaka chonsechi ntchito yanga yakhala yosambitsa anthu amene sandidziwa.

Bwerani naye mwana wanga.

Mkazi wanu,
Dinnah